Nambala ya pa Makina a Achimwene

Achimwene anga anali telala kwa zaka 41. Sukulu anasiyira panjira, koma kugawa ankakudziwa, poti ntchito yawo inali kudula nsalu osataya ngakhale kachidutswa. Anthu ankawatchula kuti a Sizasi.

Pa makina awo osokera panali kachitsulo kolembedwa nambala iyi: 1,005,973. Tsiku lina amuna anga, mphunzitsi wa masamu, akudikira thalauza lawo, anayamba kuiseweretsa papepala. Ndi 2 inakana, poti imathera ndi 3. Ndi 3 inakananso, ndi 5 chimodzimodzi. Atafika pa 101 anatopa.

"Alamu, nambala yanuyi ndi ya gulu losagawika," anatero. "Imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi."

"Aphunzitsi, palibe nsalu yosadulika. Sizasi yanu ndiyo yabuntha."

Anapangana. Ikapezeka yosagawika, achimwene adzasoka zigamba za amuna anga mwaulere moyo wonse. Ikagawika, amuna anga adzavala malaya a zidutswa zokhazokha kusukulu, sabata yathunthu. Amuna anga anawalembera manambala osagawika onse osafika 1,000, omwe alipo 168, nati ikakana onsewo ndiye kuti nkhani yatha.

Achimwene anayamba Lolemba, pa 3 Febuluwale 1986. M'mawa uliwonse, kupatula Lamlungu, asanapalase makina, ankagawa ndi nambala imodzi patebulo lodulira, ndi choko cholembera nsalu. Amatero kawiri, monga ankayezera kasitomala kawiri asanadule. Kenako amafufuta ndi chigongono, n'kutola kachidutswa kamodzi pansi, n'kuponya m'katoni.

"Katoniyo ndi ya chiyani, alamu?"

"Malaya anu akukula. Kwezani mkono ndiyeze."

Pofika mu Julaye amuna anga anali atayamba kubweretsa masokosi obooka, ati telala azolowere. Achimwene ankangoimba mluzu.

Loweruka, pa 16 Ogasiti, inatsala nambala imodzi yokha: 997. Tonse tinapita kukaonerera. Achimwene analemba pang'onopang'ono, nachotsera, natsitsa 3 womaliza uja. Anachotseranso. Pansi panatsala ziro, pamwamba pali 1,009.

Anabwereza kachiwiri, monga mwa chizolowezi, kenako anaika choko pakhutu.

"Mlongo wanga, lemba deti."

Amuna anga anachulukitsa 997 ndi 1,009 katatu, thukuta lili kamukamu, mpaka anaphulika kuseka. Anati manambala awiriwo ndi osagawika onse, oyandikana pamndandanda, ndipo nambala yotere imabisala kuposa zinzake.

Lolemba, pa 25 Ogasiti, amuna anga analowa m'kalasi atavala malaya a zidutswa 168, kolala yachikasu, thumba lamaluwa. Ana anaseka mpaka misozi, koma sabata imeneyo palibe anajomba masamu. Malayawo anawavalanso chaka chilichonse pophunzitsa mutu umenewu, mpaka anapuma pantchito mu 1999. Mabatani okha ndiwo achimwene ankawasokera akathothoka, ati wogonja sayenda chifuwa pamtunda.