Madala a Matabwa Athamanga ku Boma

Bambo oyandikana nafe ntchito yawo ndi yotsitsa matabwa a mkungudza m'phiri. Imvi zili mbuu, nsapato savala, ndipo ukawapatsa moni amayankha akuyenda, eti kuima kumaziziritsa mawondo.

Chaka chatha kapitawo anawauza kuti akalamba, asiye ntchito Julaye akatha. Iwo sanatsutse. Anangokalembetsa mpikisano wothamanga mamailosi khumi ndi atatu wa pa chikondwerero cha ufulu ku boma, n'kuyamba kuthamanga m'minda ya tiyi Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Akazi awo ankawathowa miyendo akudandaula: "Mudzatifera pamsewu, abambo inu!"

Tsikulo anyamata ananyamuka ndi liwiro la mtondo wadooka, madala n'kutsalira kumbuyo. Koma pachitunda chomaliza madala anayamba kuwapitirira mmodzimmodzi, ena atakhala pansi m'mbali mwa msewu. Analowa m'bwalo ali achisanu, amayi a chipani akululutira.

Kapitawo uja anawabweretsera madzi m'kapu, maso ali pansi.

"Lolemba mubwere kuntchito, madala. Zosiya ntchito zija tiziiwale."

"Ndibwera Lachiwiri, akapitawo," anayankha ali wefuwefu. "Lolemba kwathu kukubwera anthu odzaona miyendoyi."