Mamba a Nsomba ndi Maso a aNyazimba

Ndikakumbukira aNyazimba, amene tinkayandikana nawo nyumba ku Mwase ndili kamtsikana, mphuno zanga zimadzaza utsi wa zitsononkho zimene ankawambira nsomba kuseri kwa nkhokwe, mafuta akudontha pamakala n'kumalira kuti tsii, iwo akuingitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku lina kunabwera bambo wa njinga ndi ndowa ya tinsomba tamoyo, akuti ndi tiana toti atate aike m'dziwe lathu latsopano. ANyazimba anatola kamodzi, nachotsa mamba ndi chikhadabo, n'kuwayang'ana padzuwa.

"Bwela kuno iwe Nyuma," anandiitana. "Waiona mizele iyi? Nsomba ikamakula, njala ndi chisanu zimalemba pamamba. Aka ni kagogo, kanapinimbila chabe. Kuchepa si ubwana."

Atakafinya pamimba, panatuluka mazira. Wa njinga uja anapalasa osatsanzika.

Kuyambira pamenepo sindikhulupirira munthu. Ana anga amadziwa.

Lero dziwe ndi langa, ndipo ndi limene limadyetsa adzukulu, koma maso anga achita nkhungu, mizere ya pamamba sindiionanso. Chaka chatha wogulitsa wina anafika ndi tinsomba, mano onse panja. Ndikanaika topinimbira, chaka chonse chikanapita pachabe. Mdzukulu wanga Tiwonge, amene amagwira ntchito za nsomba ku boma, anatulutsa foni ndi kagalasi kokulitsa zinthu.

"Agogo, kompyuta ya m'foni umu inaonetsedwa zithunzi zambilimbili za mamba a nsomba zodziwika zaka, mpaka inaphunzila kuwelenga mizele. Ningojambula, itiuza."

"Nanga ikakhala kuti inagwilizana naye wogulitsayu?"

Anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke. Ndinalowa m'nyumba, ndinapala mamba a nsomba imene ndinailera ndekha kuyambira ili kamwana, ndinawapereka osamuuza zaka zake. Foni inatchula msinkhu wake osaphonya. Pamenepo ndinalola kuti ajambule za m'ndowa.

"Nkhalamba zokhazokha, agogo."

Ndinafinyabe kamodzi pamimba. Mazira! Wogulitsa anayamba kufunsa njira yachidule ya ku Mphamba.

ANyazimba anamwalira asanaione foni, koma ndi iwo anandiphunzitsa choti ndiifunse. Ndimawathokoza ndikamaponya madeya m'dziwe, momwe tsopano muli tiana tenitenidi. Tiwonge amati makinawo ndayamba kuwakhulupirira. Pang'ono, mwina. Akabwera, ndimakhala nditabisa kale mamba ena oyesera pamfundo ya chitenje.