Mabulangete Pansi pa Mtengo wa Mango

Nditamaliza dipuloma ya zaumoyo ku Chipata, ndinabwerera kwathu ku Mambwe kukadikira kuti boma litilembe ntchito. Chaka chinatha kuli zii. Mayi wina wa m'kwaya yathu ndiye anandiuza kuti mng'ono wake, Mayi Sakala, wogwira ntchito mu ofesi ya loji ina yogona alendo ku Mfuwe, akufuna munthu wosamala nyumba. Ndinazengereza, pakuti sindinapite kukoleji kuti ndikagwire tsache. Ndinavomera nditamva kuti mwana wawo wamkazi, Tiyamike, amadwala mphumu nyengo ya mphepo.

Tsiku loyamba Mayi Sakala sanachulutse mawu. "Kuphika ndiziphika ndekha, Esinati. Inu muzingoonetsetsa kuti mwanayu akupuma bwino."

M'chigwa muno mwezi wa Ogasiti mphepo imanyamula mungu wa maluwa a mango, fumbi la mumsewu ndi phulusa la udzu umene anthu amatentha. Zonsezi zikalowa m'nyumba zimakhazikika pa nsalu. Choncho ndinaleka kusesa m'nyumba, chifukwa tsache limangouluza fumbi kuti likatere pena. Pansi ndinkakolopa, ndipo mawindo, matebulo ndi miyendo ya bedi ndinkapukuta ndi kansalu konyowa. Makatani, neti ya udzudzu ndi zofunda za mwana ndinkachapa ndi madzi otentha, n'kuyanika pachingwe m'chipinda chakumbuyo, osati pabwalo. Mawindo ankakhala otseka mphepo ikayamba. Nsapato zinkatsala pakhonde, ndipo Tiyamike akaweruka kusukulu ankasamba kumaso ndi kusintha yunifolomu asanalowe kuchipinda. Kutsokomola kunachepa, ndipo kampope kake ka mankhwala opopera m'kamwa kanayamba kukhalitsa m'kabati.

Kenaka kunabwera amayi awo a Bambo Sakala kuchokera ku Malama, kudzacheza. Tonse tinkawaitana kuti ambuya, monga ankawaitanira mdzukulu wawo. Anali mayi wamphamvu, wosadziwa kukhala manja lende pakhomo pa mwana wake. M'mawa uliwonse ankasesa bwalo louma mpaka fumbi kuti kobo, kenaka n'kutsekula mawindo onse.

"Nyumba yotseka masana ngati muli maliro! Iwe mwana, ukubisa chiyani m'menemu?"

Ndinafotokoza za mungu mwaulemu wonse. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Maluwa a mango adwalitse munthu? Abambo ake a mwanayu anakulira pansi pa mango, si awa ali ndi mimba ngati thumba la chimanga?"

Ndinakadandaula kwa Mayi Sakala. Anati, "Ndi apongozi anga aja, ine pakamwa pangalemere. Uzani mwana wawo." Bambo Sakala nawo anaseka. "Inu ndinu a dipuloma, auzeni mwasukulu." Ndiye kuti m'nyumba ya akuluakulu atatu, udindo wotsutsa munthu wamkulu kuposa tonse unagwera wantchito, amene mwamwambo sayenera kumuyankha n'komwe.

Tsiku lovuta linali Lachisanu. Ndinapita kumsika kukagula sopo ndi ndiwo, ndipo ndinachedwa pamzere wa kuchigayo. Pobwerera ndinapeza mawindo ali yasa. Matiresi a Tiyamike, pilo ndi mabulangete zinali zitabwezedwa kale pabedi, zofunda bwino, zoyalidwa mwaluso. Ambuya anandilandira monyadira: anaziyanika m'mawa wonse pa udzu, pansi pa mtengo wa mango umene unali mbuu ndi maluwa, kuti dzuwa liphe fungo la m'nyumba. Mwana anali atabwera kuchokera kusukulu ndipo anali atagona pomwepo.

Ndinamva kulira kwa chifuwa chake ndisanafike pachitseko. Anali atakhala tsonga, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali psuu, osatha kumaliza ngakhale dzina langa. Ndinamutulutsa m'chipindamo, ndinamukhazika chowongoka n'kumupopera mankhwala monga anatilangizira akuchipatala. Sizinasinthe mokwanira. Ndinaimitsa njinga yamoto pamsewu, ndipo tinathamangira kukiliniki, kumene anamwino anamuika chopumira kumaso mpaka mpweya unabwerera.

Mayi Sakala anafika akuthamanga kuchokera kuntchito. Sanafunse kuti anayanika zofunda ndani, ngakhale ankadziwa. Anatembenukira kwa ine. "Kodi ndinakulemberani chiyani?"

Ndinakwiya kwambiri moti ndinaganiza zolongedza katundu. Koma madzulo ake ndinaona ambuya atakhala pakhonde, mbale yawo ya chakudya osaikhudza, ndipo ndinaganizanso. Choyambitsa sichinali umbuli wokha. Mayiyu ankafuna ntchito yosonyeza kuti mdzukulu wake amamukonda, ndipo ine masiku onsewo ndinkangomuletsa, osamupatsa china chochita. Tsiku lotsatira ndinawatengera ndowa ndi kansalu.

"Ambuya, msana ukundipweteka. Mungandithandizeko kuwaza madzi pabwalo musanasese? Ndiponso chipinda cha Tiya chimafuna dzanja la munthu wamkulu."

Analandira ndowa ija ngati ndinkawabisira dala. Pasanathe sabata anali atandiposa kuuma mtima. Zofunda sizinatulukenso panja. Bambo Sakala atalowa ndi nsapato anabwezedwa pakhomo ngati kamwana: "Vula, iwe! Ukufuna kundiphera mdzukulu?" Tiyamike anamaliza nyengo ya mphepo osabwerera kukiliniki.

Chimene ndinatolapo n'chakuti mungu sulowa ndi mphepo yokha. Umalowanso ndi manja a anthu okonda mwanayo, ndipo manja otero saletsedwa, amangopatsidwa ntchito ina. Pamene ambuya ankakwera minibasi yobwerera kwawo, ndinawamva akuuza mayi woyandikana nafe kuti akupita ndi mtima pansi, chifukwa mtsikana wa dipuloma uja amuphunzitsa kukolopa. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pampando, ndipo sindinawatsutse.