Kuvina pa Bulangete

Lemba momwe ndikuneneramu, iwe mdzukulu, usakonze chilichonse.

Agogo ako aamuna akhala akuimba ng'oma m'sosayiti yathu ya maliro kuno ku Njube, mu Bulawayo muno, kuyambira asanandikwatire. Amayi tikamavina chimtali, iwo amakhala pakati ndi ng'oma yaikulu. Ndiye chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kuchita dzanzi. Supuni inkangowapulumuka. Ku kiliniki anati dzanjalo lizingofookerabe, silibwerera.

Atate ako ali ndi kabandi kaja, iwo gitala, anzawo awiri kiyibodi ndi bezi. Tsiku lina anandipeza ndikuchapa. "Amayi, tiwajambule abambo dzanja lisanatheretu. Nyimbo zimenezi palibenso wina amaziimba kuno." Ndinati chabwino mwananga, chita msanga.

Anayamba ndi foni, pabwalo. Titamvetsera, ng'oma ija inkamveka ngati munthu akung'amba thumba la simenti, kumbuyo makombi, maminibasi aja, akuitanira a ku tauni, galu wa makhelwane, oyandikana nafe aja, naye ali momwemo. Ndiye anakagula maiki imodzi yakale, nabwereka laputopu kwa mnzawo. Chipinda chakumbuyo anachikhoma mabulangete anga onse m'makoma, matiresi pawindo, mathileyi a mazira kudenga. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa Bulawayo ukukudziwa, koma sindinadandaule. Maiki anaichotsa pakamwa pa ng'oma, anaiimika chapambali, nkumatsitsa mawu mpaka kagetsi kofiira kanasiya kuyaka. Apo pokha ndiwayamikire, ng'oma inamveka ngati ng'oma. Vuto linali chikopa, chinkafooka ndi mphepo. Tinkaiwamba pambaula panja, nkuthamanga nayo m'nyumba isanazizire.

Popeza maiki inali imodzi, aliyense amayenera kuimba payekha. Anawaveka agogo ako mahedifoni, mkatimo kanthu kakulira kuti ti, ti, ti. Anaimba pang'ono, nkusiya.

"Ndikuimbira ndani, khoma?"

"Abambo, ingotsatirani kakulirako."

"Ine sindinaimbirepo wotchi."

Anayesa tsiku lonse, osatheka. Iwe sudziwa, wang'oma saimba za m'mutu mwake. Amayang'ana mapazi ndi chiuno cha wovina. Ukatembenuka amadula, ukachedwa amakudikira, ukamuputa amakuyankha. M'chipinda muja munalibe woti amuyang'ane.

Mawa lake atate ako anachotsa mahedifoni aja nkundiitana. "Amayi, muvine. Koma osaomba m'manja, osaimba, osalulutira. Vulani nsapato ndi zibangili, mupondere pa bulangete."

Ndinati, "Iwe, chimtali cha bubu unachionapo kuti?"

Agogo ako anati, "Mayi, ingolowani, ng'oma ikuzizira."

Ndinavina, ndi maondo angawa. Nyimbo ndinkaiimbira m'kamwa motseka. Chitseko chotseka, mpweya wochepa, fungo la mabulangete. Koma iwo atangoona phazi langa, ng'oma inadzuka. Ndinkawayang'ana dzanja lija. Pa nyimbo yachiwiri zala zinasiya kumvera, anayamba kumenya ndi chikhatho chokha, nkhope itakwinyika, koma maso ali pa mapazi anga. Ndinachepetsa dala kuti apume, iwo nkuchepetsanso osandikalipira. Kale akanandikalipira. Masiku awiri tinajambula nyimbo zinayi zokha. Tsiku lachitatu dzanja linatupa ngati buledi, tinasiya.

Patapita masabata atate ako anabwera ndi sipika, akumwetulira. Anati nyimbo yatha, gitala ndi bezi zalowa. Tinakhala pakhonde kumvetsera. Inkamveka bwino ngati ya pa wailesi, sindikana. Koma ng'oma inkangobwereza pamodzimodzi, osakwera osatsika.

Agogo ako anafunsa, "Akuimbayu ndani?"

"Ndinu, abambo."

"Ayi. Ameneyu sakuona munthu."

Atate ako anafotokoza kuti ng'oma inkathamanga pena, pena nkuchedwa, anzawo sakanatha kuitsatira. Komanso akuti kupuma kwanga kunalowa m'maiki, ndi kulira kwa maondo. Ndiye anadulako kachidutswa koyera nkumakabwereza mpaka kumapeto. Sanachite mwamwano, ankaona ngati atikonzera. Agogo ako ananyamuka nkukakhala kuseri padzuwa.

Ndinati, "Tipatse yaitali ija, yosadula, ya wefuwefu wangayo."

Atate ako anayang'ana pansi. Yaitali ija inatsala m'laputopu, ndipo laputopu anaibweza kwa mwini wake, mwini wakeyo anakwera basi ya ku Joni kukafuna ntchito. Kaya anafufuta, kaya anaigulitsa, sitikudziwa. Atate ako amaimba foni tsiku ndi tsiku, nambala siikulowa. Masiku ano akabwera amangoima pageti, nkumanditumizira iwe ndi shuga. Ndimafuna kuwakalipira, koma nkhope yawo imandimvetsa chisoni, amadziwa chimene anachita. Nanenso ndimadzifunsa, ndinalekeranji kunena tsiku lomwelo kuti tiikireni pa foni? Sindinkadziwa kuti mawu amatha kudulidwa ngati nsalu.

Pano dzanja lija silinyamula ngakhale kapu. Dzulo ndikuwasambitsa m'manja anandifunsa, "Mayi, mungavinenso? Ndiyese ndi lamanzere."

Ng'oma yaikulu imafuna manja awiri, iwo akudziwa, inenso ndikudziwa. Ndinati ndivina. Ndiye ukamaliza kulembako upite ukawauze atate ako alowe m'nyumba, abwereke laputopu ina. Ulendo uno asadule kanthu, ngakhale zitamveka zoipa bwanji.