Tambala Amene Ambuya Anapita Naye kwa ba Saidi

Ndikakumbukira ambuya anga ku Kalingalinga, komboni ya mu Zambia, ndimamva fungo la nthenga za nkhuku zoviikidwa m'madzi otentha, utsi wa mbaula ukusakanikirana ndi utuchi wa akalipentala, kwinaku owotcherera zitsulo akusokosa m'mbali mwa msewu. Ambuya, ba Mulenga, anali mayi wa ku Kopala, dera la migodi, wolusa pakamwa. Ankaphikira alendo odzaona dziko amene ankayendetsedwa wapansi m'komboni mwathu.

Khomo loyang'anana ndi lathu linali la ba Saidi, telala wachisilamu wochokera ku Malawi. Awiriwa sankapatsana moni. Anayambana chifukwa cha ngalande ya madzi a mvula, ndipo akazi a ba Saidi atamwalira, ambuya anadzitsekera m'nyumba osapita kumaliro. Zinali zoipa zedi. Mzere wathu wonse unagawikana, akutchalitchi uku, akumzikiti uko, ife ana n'kuletsedwa kusewera limodzi.

Tsiku lina mwa alendowo munali mayi wa ku Zanzibar. Atasamba m'manja anafunsa mwaulemu kuti nkhukuyo anazinga ndani. Atamva kuti ndi amalume anga, anapepesa kuti Msilamu sadya nyama imene sanazinge Msilamu mnzake, nadya chibwabwa chokha, ndiwo ya masamba a maungu. Ambuya manyazi anawagwira koopsa.

"Mulendo achoke na njala pa nyumba panga? Awe!" anatero akukwecha mbale mwaukali.

Alendowo anali oti abwerenso mawa lake, ndipo panalibe Msilamu mumzere wathu amene akanawathandiza ambuya popanda chilolezo cha ba Saidi.

M'mawa ndinawaona ambuya atakupatira tambala. Anadumpha ngalande ija, nakagwada pakhomo pa ba Saidi, iwo amene sankagwadira munthu. Makina osokera anaima.

"Pa malilo munalibe mendo, ba Mulenga," anatero ba Saidi. "Lelo nkhuku yamupasani mendo?"

"Ninalakwa," anayankha ambuya, misozi ili chuchuchu. "Nitukaneni ine, koma mulendo adye."

Ba Saidi anadzuka pamakina paja. Ananola mpeni, nayang'ana kumene amayang'ana popemphera, natchula dzina la Mulungu, namuzinga tambalayo.

"Mulendo alibe mulandu," anatero akubweza tambala uja.

Mawu oti ndakukhululukirani sanawatchule, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Koma masana mayi uja anakana kudya asanathokoze wozinga nkhukuyo, ndipo ba Saidi anawoloka, navula nsapato, nakhala pamkeka wathu. Ambuya anawathira madzi m'manja. Kuyambira pamenepo alendo akamabwera, nkhuku inkayamba yadzera kwa ba Saidi, ndipo pang'onopang'ono moni unabwerera mumzere wathu.

Onse awiri anatisiya kalekale, ndipo ndimawasowa. Ine ndimapemphera kutchalitchi, mpeni ndili nawo wakuthwa bwino. Koma nkhuku ya pakhomo panga sindipha ndekha. Ndimakagogoda kwa mdzukulu wa ba Saidi, chifukwa sindidziwa amene adzafike ndi njala.