Pulani ya Sukulu Yakiyidwira kwa Apongozi

A Makiyi ankamveka asanaoneke. Thumba lawo la kumanja linkalira kuchokera pa geti mpaka pa desiki, moti anzawo pa ofesi yojambula mapulani a nyumba ankayamba kuwapatsa moni munthuyo akadali panja. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso cha ntchito basi. Ngakhale abwana ankawaitana choncho, ndipo iwo ankayankha monyadira.

Sanabadwe otero ayi. Chinawasandutsa ndi nkhokwe, pulogalamu ya pa kompyuta imene ofesiyo inkasungiramo mapulani onse. Munthu akafuna kukonza pulani ankaitapa m'nkhokwemo, kuikonza pa kompyuta yake, n'kuibwezera. Tsoka lake linali lakuti anthu awiri akatapa pulani imodzi, wobweza pomaliza ankafafaniza ntchito ya mnzake. A Makiyi atangoyamba ntchito anajambula masitepe a chipatala, masitepe okongola okhotakhota amene anawatayira thukuta osati masewera. Mnzawo wina anabweza pulani yakale pamwamba pake, masitepe aja n'kuzimiririka. Chipatala chinatsala ndi chipinda cham'mwamba chofikako mbalame zokha. A Makiyi anakalira kuchimbudzi, ndipo atatuluka anali munthu wina.

Kuyambira tsiku limenelo ankakiya fayilo iliyonse imene aikhudza, ngakhale imene angoisuzumira. Fayilo ikakiyidwa, pambali pake pankaoneka kaloko kofiira, ndipo wina aliyense ankangoiona osaisintha. Panali batani lothyolera kaloko ka mnzako zinthu zikavuta, koma a Makiyi analimbana nalo pa msonkhano uliwonse mpaka wa makompyuta anatopa n'kulichotsa. Tsiku limenelo anagulira ofesi yonse mabisiketi.

Zikanathera kuntchito, bwenzi tikungoseka. Koma matendawo anawatsatira kunyumba. Anakiya kabati ya shuga, kenako filiji, kenako dilowa ya rimoti, ati zinthu zizipezeka mmene anazisiyira. Akazi awo, mayi waluso pa makina osokera, anapirira zonsezi mpaka m'mawa wina pamene a Makiyi, maganizo ali kuntchito, anakiya chitseko ndi geti mayiwo ndi mwana ali m'kati. Tsiku lonse makasitomala ankadumpha mpanda n'kumayezedwa madilesi kudzera pa zitsulo za pawindo. Madzulo chitseko chitatseguka, mayiwo sanakalipe. Ananyamula mwana, makina osokera ndi laputopu yakale imene ofesi inasiyira amuna awo zatsopano zitabwera, yomwe iwo ankaonerapo masitayilo, n'kupita kwa amayi awo.

A Makiyi ankawakonda akazi awo, zimenezo tisawanamizire. Nyumba ija, zonse zili m'malo mwake, inawasandukira manda. Anayesa kuimba foni, koma anayankha ndi apongozi.

"Bambo, kuno musapondeko. Zitseko zathu sizinalakwe kanthu."

Anakhala choncho, akuonda, kolala ya malaya ikuwakulira.

Ndiye tsiku lina mayi wojambula mapaipi anafuna kuika zimbudzi mu pulani ya sukulu, imene omanga ankaidikira maso ali kunjira. Anapeza kaloko kofiira.

"A Makiyi, tatsegulani sukulu. Ana akadzithandizira kuti?"

A Makiyi anafufuza batani lotsekulira, limene opanga pulogalamuyo analibisa pansi pa "Zina", m'kati mwa "Zinanso", n'kulidina. Kompyuta inayankha kuti kiyi wa fayilo imeneyi sali pa kompyuta ino. Kumene ali sinanene. M'munsi mwa uthengawo munali batani limodzi lokha, lolembedwa kuti "Chabwino".

"Chabwino chani?" anakuwa mayi wa mapaipi. "Pali chabwino apa?"

Anaitana wa makompyuta, bambo wofatsa amene ankayankhula ngati akupepesa maliro. Iye anafotokoza kuti nkhokwe imeneyi imamva kompyuta yokhayo imene inakiya. Ina iliyonse, ngakhale ya mwini wake yemweyo, imaiona ngati wakuba.

"Bwezeretsani batani lothyolera lija," anatero abwana.

"Kuti ndilibwezeretse ndiyenera kusintha fayilo ya malamulo a nkhokwe, bwana."

"Sinthani!"

"Ndi yokiya, bwana."

Ofesi yonse inatembenukira kwa a Makiyi. Iwo anayang'ana nsapato zawo n'kuvomera kuti anaikiya okha, kuopa kuti wina angabwezeretse batanilo mwakabisira. Anaikiyira pa laputopu yakale, pomwenso anakiyira sukulu, pomwenso panali denga latsopano la sukuluyo limene anali asanalibweze m'nkhokwe.

"Nanga laputopuyo ili kuti?"

"Kwa apongozi, bwana."

Masana omwewo abwana anavala jekete, anakweza a Makiyi m'galimoto ngati mbuzi yopita kumsika, ulendo kwa apongozi. Mayi wa mapaipi anatsala akuyang'anitsitsa kaloko, foni ili m'manja.

Apongozi anawapeza pakhonde akusenda mbatata. Anayang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kuthumba.

"Mwabwera kudzakiya chiyani?"

Abwana analowererapo. Anafotokoza za nkhokwe, za denga, za ana osalakwa amene adzasowe kolowera. Apongozi anamvetsera mpaka mbatata inatha.

"Ndamva. Sukulu ya boma ili m'nyumba mwanga, ine osadziwa. Lowani muitenge. Koma laputopu situluka. Inalowa ndi mwana wanga, idzatuluka ndi mwana wanga."

Akazi awo a Makiyi anabwera nayo kuchokera kuchipinda, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuiika pansi osawayang'ana. A Makiyi anali atakonza mawu opepesa njira yonse, koma onse anabalalika.

Batire la laputopuyo linafa kalekale, chingwe chake chinali chachifupi, ndipo soketi yokhayo yogwira ntchito inali pansi, kuseri kwa kabati. Panalibe kuchitira mwina. A Makiyi, tayi ili pakhosi, anagwada pa simenti pakati pa balaza la apongozi awo.

"Ee, kugwada anaphunzira liti?" anafunsa apongozi. "Makina awa ndi abwino."

Pulogalamu ija sinafulumire. Inayamba yanena kuti ndi yakale, iyenera kudzikonza kaye. Itadzikonza inati pasiwedi yatha mphamvu. Ataika yatsopano inati ikufanana kwambiri ndi yakale. Ataika ina inati ndi yosiyana bwino, koma yaifupi. Kenako inafunsa ngati akutsimikiza kuti akufuna kutsekula, inafunsanso ngati akutsimikizadi, n'kuwapempha kuti alembe chifukwa. Pamapeto pake panatuluka kamzere kobiriwira kamene kanayamba kukwawa pang'onopang'ono.

Abwana anapatsidwa mpando ndi tiyi, ndipo pofuna kuthandiza anayamba kuchitira umboni wantchito wawo. Anati ndi munthu wosamala, sanatayepo kanthu, chilichonse chimene wagwira sachisiya.

"Tikudziwa," anatero apongozi.

Mwana anatulukira, anaona bambo ake ali chogwada, anaganiza kuti ndi masewera a hatchi n'kuwakwera pamsana. Timanja take tinawagwira m'makutu. Kuchipinda makina osokera anayamba kulira, kulira kumene a Makiyi ankadandaula nako kale kuti kumawasokoneza. Tsopano anakumvetsera misozi ili m'maso. Patapita kanthawi kapu ya tiyi inatera pambali pa bondo lawo, ndipo dzanja limene linaibweretsa analidziwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anapempha mumtima kuti kompyuta ichedwe. Anayesa kutsegula pakamwa kuti anene mawu amodzi okha, koma abwana anali atafika pa nkhani ya mmene anayambira kampani, ndipo sankapuma.

Kamzere kanafika kumapeto. Denga linalowa m'nkhokwe, kaloko kanazimiririka, ndipo foni ya abwana inalira nthawi yomweyo. Mawu a mayi wa mapaipi anamveka nyumba yonse.

"Yatseguka! Musamulole aikhudzenso!"

Abwana anadzuka, anathokoza apongozi ndi manja awiri, n'kuthamangira kugalimoto. Hutala inayamba kulira. Apongozi anamuchotsa mwana pamsana paja n'kutuluka naye kukatsegula geti.

A Makiyi anatsala chogwada. Ntchito inali itatha, ndipo chifukwa chokhacho chimene chinawalowetsa pakhomo limeneli chinatha nayo limodzi. Akadzuka apa, mawa adzaimbanso foni n'kuyankhidwa ndi apongozi. Anayang'ana mafayilo a m'nkhokwe aja ali ndandanda, onse otseguka kupatula ya malamulo ija imene aliyense anaiiwala. Pamwamba penipeni panali pulani ya hotela, imene abwana eni ake ankati aigwira m'mawa mwake. Chala chinapita chokha. Pokiya, pulogalamu ija sifunsa ngati munthu akutsimikiza.

"Kofiira ako n'kachiyani?"

Akazi awo anali ataima kumbuyo kwawo. Kaloko kameneka anakaona zaka zonse za ukwati wawo, sankafunika kuwamasulira.

"Chala chaterereka, mayi a mwana."

"Chaterereka."

"Eya."

"Ndiye kuti mawa ofesi yonse iimanso, mpaka wina abwere kuno adzatsekule."

"Zikuoneka choncho."

Hutala inaliranso, mokwiya tsopano. Mayiwo anawerama, anazula chingwe pa soketi, anatseka laputopu n'kuikumbatira pachifuwa. Anawayang'ana amuna awo kumaso koyamba tsiku limenelo, nthawi yaitali ndithu, osaseka.

"Mubwere nokha. Abwana anuwo amalongolola, ndipo zoti mundiuze zilipo zambiri. Chingwechi sindichitalikitsa."