Osewela Opanda Mitu mu Shopu ya Julio

"A Julio, ndiye mpila wake uwu? Osewela onse alibe mitu!" anaseka a Mubita, aphunzitsi ochokela ku Mongu, akuloza sikilini.

Julio anali ndi kashopu ka magemu a pakompyuta pafupi ndi msika wa Petauke. Masana omwewo aphunzitsi khumi anali kubwela ku mpikisano woyamba wa gemu yatsopano ya mpila, ndipo akanabwelela osasewela, mbili ya shopuyo ikanathela pomwepo. Vuto linali dilaiva, kapulogalamu kothandiza gilafiki khadi, kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta, kuonetsa zithunzi. Julio anali ataika yatsopano, koma khadi yake yakale, yogula ku Tete, inakana kugwilizana nayo.

Mwamwayi Julio satayako kanthu. Amai ake anathawa nkhondo ku Mozambiki atamanga mbeu za chimanga m'chitenje, ndipo mpaka lelo kumudzi ku Kaumbwe sabzala mbeu ya m'sitolo popanda kusungako yamakolo. Iyenso dilaiva iliyonse amaisunga pa fulashi, fulashiyo n'kuiponya m'chitini cha mkaka.

Anakhuthula chitinicho, nasankha fulashi ya dilaiva ya chaka chatha n'kuibwezela mu kompyuta. Kompyuta itayakanso, mitu yonse inabwelela, ndi ndevu za goloboyi zomwe.

"Tsopano mulibe pothawila, bambo," anatelo Julio. "Akakumwetsani zigoli musanamizile makina."

A Mubita anamwadi zinai, shopu yonse ili phokoso, enanso akulembetsa kale za Loweluka lotsatila. Poweluka Julio anagula phava la nthochi za ku Nyimba, nalimangilila panjinga kukapatsa amai ake, amene anamuphunzitsa kusunga zakale.